Waya Wachinayi

Area 23, Lilongwe
12 Meyi 2024

Okondedwa Achimwene a Medson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Jacinta ndi mapasa. Kuno tilipo, kungoti Amayi bondo lija likuwavutabe. Achemwali a Eness anaimba kuchokera ku Ntcheu, akuti kachewere wachita bwino chaka chino.

Kalatayi ndapatsira a Salama, mayi aja amabwera kumeneko kudzaoda katundu. Mukudziwa kuti pafoni mawu amandithawa, komanso kafoni kanga ka mabatani sikalandira zithunzi.

Nkhani ndi ya makina a malemu Abambo osokera mabaji a sukulu. Lamulungu lapitali kunabwera amalume a Josiah. Anati makinawa atha chaka osagwira ntchito, angodzaza chipinda, ndiye agulitsidwe. Ine ndinali chiimire pakhomo, mawu ndinali nawo koma sanatuluke. Amalume atatsala pang'ono kunyamuka ndinanong'oneza Amayi kuti makinawo sanafe. Amayi anandinenera. Amalume anaseka, n'kunena kuti chabwino, andipatsa mpaka kumapeto kwa Julayi. Akasoka baji imodzi yathunthu akhala pano, akapanda kusoka apita.

Achimwene, sanafedi. Ndikayatsa, sikirini imayaka, ndipo kakompyuta kakale kali m'mimba mwakemo kamadzuka bwinobwino. Chinafa ndi chowerengera madisiki chokha. Popanda chimenecho kakompyutako sikadziwa chithunzi choti kasoke. Ndayenda mumsika monse kufuna china, anyamata ogulitsa amangofunsana kuti disiki n'chiyani.

Abambo asanadwale ananena kuti kuli kabokosi kolowetsamo fulashi, kamene makina akale amakayesa disiki. Inu mumakonza makina a m'fakitale, muyenera kuti mumakadziwa. Kuwotcherera ndimatha, zaka zisanu ndinkawagwirira Abambo mawaya. Chimene sindidziwa n'choti waya uti apite pati. Chonde ndithandizeni. Makinawa akapita, ine wa Sitandade 7 ndilibe ntchito ina imene ndimaidziwa.

Ndine mlongo wanu,
Tiyese


Johannesburg
30 Meyi 2024

Tiye mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira. Tili bwino, koma kuzizira kwayamba ndipo mapasa sakutigoneka tulo. Wina akasiya kulira mnzake amalandira shifiti. Jacinta ayambiranso ntchito mu Ogasiti, ndipo mutu waima kuti anawa tiziwasiyira ndani.

Za makina ndamva. Iwe ndi Abambo ndinu amodzi, kukakamira chitsulo chachikulu msinkhu kuposa ine. Komabe kabokosi kaja ndapatsira a Salama, pamodzi ndi fulashi. M'fulashimo ndaikamo zithunzi za mabaji zimene Abambo ananditumizira kalekale kuti ndiwasungire.

Vuto ndi ili. Lamba wochokera m'makinamo ali ndi mawaya 26, pamene kabokosi kali ndi mapini 34. Sizingalowane. Upange kabodi kolumikiza ziwirizi. Ndakujambulira papepalali, kumanzere ndi manambala a mawaya a makina, kumanja ndi mapini a kabokosi. Utsate momwemo. Usasinthe ngakhale waya mmodzi, ndipo usayesereko nzeru zako, chifukwa ukaphonya uwotcha kakompyutako, ndipo sikagulitsidwanso kwina kulikonse.

Zikakanika usalire. Kuno malo alipo, udzaonako dziko. Upereke moni kwa Amayi, uwauze azipaka mafuta aja pabondo.

Mchimwene wako,
Medson


Area 23
16 Juni 2024

Okondedwa Achimwene,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kabokosi ndi pepala. Ndinasangalala mpaka Amayi anandifunsa ngati mwatumiza mwamuna. Iwo akupereka moni, akuti mapasa muziwafunditsa bwino.

Kabodi kamabowobowo ndinakagula kwa a Emmanuel okonza mawailesi ku Chipasula. Ataona pepala lanu anandifunsa ngati ndayamba kupanga bomba, ndipo anthu onse anali pabenchi anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi. Koma anandipatsa mtovu wowonjezera osalipiritsa. Mapini ndinazula m'kompyuta yakufa imene ndinaipeza ku Biwi.

Ndinawotcherera masiku atatu. Magetsi akazima ndinkatenthetsa chowotcherera chamkuwa cha Abambo pambaula. Sizinaoneke zokongola ngati za m'sitolo, koma palibe waya wogundana ndi mnzake.

Nditalumikiza, kabokosi kanayaka n'kuonetsa manambala atatu ofiira, kusonyeza kuti moto ukufika. Koma nditadina batani loitana chithunzi, makina anadikira pang'ono n'kulemba kuti mulibe disiki. Kanyale kobiriwira ka pakabokosi sikanayake ngakhale kuphethira.

Ndatenga mita ya Abambo yoyezera magetsi ndi kuyeza waya mmodzimmodzi, kuyambira woyamba mpaka wa 26. Aliyense akufika pamene pepala lanena. Fulashi ndinapita nayo kwa a Emmanuel, akuti ili bwino. Ndiye ndalakwitsa pati? Ngati munasunga pepala lina, chonde muonenso. Mwina pali china chimene anthu ophunzira amachidziwa okha, chimene simunaganize zoti mundilembere.

Mlongo wanu,
Tiyese


Area 23
7 Julayi 2024

Achimwene,

Moni kwa nonse. A Salama abwerako opanda kalata yanu. Akuti yanga anakupatsani m'manja pa siteji ya basi, ndipo munaiika m'thumba la jekete. Ndikudziwa kuti ntchito ndi ana zakuchulukirani, sindikudandaula ayi.

Kabodi ndaphwasula n'kupanganso kawiri. Ulendo wachiwiri ndinafupikitsa mawaya onse poganiza kuti mwina anatalika. Wachitatu ndinagwiritsa mapini ena. Palibe chasintha. Zala ziwiri zapsa, ndikuchapa ndi dzanja limodzi. Ndikaona pepala lanu lolembedwa bwino chonchi, ndimadziwa kuti wolakwa ndi ine. Mwina zinthuzi zimafuna munthu wofika Fomu 4.

Lachitatu amalume anabwera ndi bambo wina, a Zaki, amene ali ndi shopu yosokera mayunifomu m'tauni. Amalume anati angoona chabe. Koma munthu wongoona amayeza chitseko ndi tepi? Atalowa anatenga kabokosi kanu, anakatembenuza, n'kunena kuti kanafika bwino eti. Sindikudziwa anamva kwa ndani za kabokosika, mwina kwa amalume.

Atatuluka ndinakumbutsa Amayi kuti Julayi sanathe. Anati akudziwa.

Kwatsala masabata atatu. Ngakhale mizere iwiri yokha, ndiyankheni.

Tiyese


Johannesburg
12 Julayi 2024

Tiye,

Pepa kuchedwa, zinandichulukira. Pepala lija ndaliona kawiri konse, lilibe vuto. Ngati watsata zonse koma osayankha, ndiye kuti kakompyutako kanafa mbali ina. Zinthu zakale zimatero, zimayaka kumaso koma m'kati zinapita.

Wayesetsa, palibe amene angakunene. Leka kuwotcha zala. Yamba kuyendera za pasipoti, Jacinta wakukonzera kale pogona.

Medson


Area 23
21 Julayi 2024

Okondedwa Achimwene a Medson,

Moni kwa alamu ndi mapasa. Lero ndili ndi nkhani yabwino.

Kalata yanu itafika ndinakhala masiku awiri osalowa m'chipinda cha makina. Tsiku lachitatu ndikusesa ndinaona chowerengera chakale chija pawindo. Ndinakumbukira kuti ngakhale chinafa, kanyale kake kankayakabe makina akachiitana. Ndiye kuti pali waya amene ntchito yake ndi kuitana. Ndinachibwezera pamalo pake n'kuyamba kuyeza ndi mita, Amayi akundidinira batani. Mawaya awiri ankasinthitsa nambala ya pamita batani likadinidwa, wachinayi ndi wakhumi. Nditachotsa wachinayi, kanyale ka chowerengera chakale sikanayakenso. Ndinadziwa kuti woitana ndi ameneyu.

Pepala lanu likuti wachinayi apite pa pini 14. Mundikhululukire, sindinamvere mawu anu. Ndinamumasula n'kuyamba kugunditsa pa mapini ena mmodzimmodzi, ndikupemphera kuti ndisamve fungo la kupsa. Nditafika pa 12 kanyale kobiriwira kanayaka. Sikirini inaonetsa mayina onse a mabaji a Abambo, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kakompyuta sikanafe, Achimwene. Inali nambala imodzi yokha. Musadzimvere chisoni, munthu amene mapasa sakumugoneka akhoza kuphonya nambala, ngakhale ataonanso kawiri. Popanda inu sindikanafika pano.

Amayi sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anangoti oo, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Ndikuganiza kuti anakumbukira Abambo.

Patsala kavuto kena singano ikayamba kuyenda, koma ndili ndi maganizo. Ndidzakuuzani ndikayesa. A Salama akunyamuka mawa m'mawa.

Mlongo wanu wokondwa,
Tiyese


Area 23
28 Julayi 2024

Okondedwa Achemwali a Eness,

Muli bwanji ndi alamu ndi ana? Ndalembera inu chifukwa a Medson sindingathe kuwalembera, ndipo Amayi sindikutha kuwayang'ana kumaso. Makina a Abambo anapita dzulo.

Munamva kuti ndinapeza waya amene analakwika papepala la Achimwene. Panatsala vuto lina. Singano ikangoyamba kuyenda, kabokosi kankazima n'kuyakanso, makina n'kuima pakati pa baji. Nditayeza ndinaona kuti moto ukutsika, mita ikuchoka pa 5 kufika pa 4. Makinawa akalamba, sangathe kudyetsa singano ndi kabokosi nthawi imodzi. Ndinadula mawaya a moto pakabodi kanga, kabokosi n'kukapatsa moto wakewake kuchokera ku chaja ya foni. Lachinayi makina anasoka baji yathunthu, yoyamba chimwalirireni Abambo. Zimenezi musauze munthu.

Dzulo m'mawa kunaima galimoto yapikapu. Munali amalume, a Zaki ndi amuna anayi onyamula. Ndinawaonetsa baji ija. Amalume anati mwina ndi yakale. Ndinayatsa makina n'kusoka ina iwo akuona, mpaka makina anamaliza n'kudula ulusi okha. A Zaki anaigwira, anaiyang'ana kumbuyo, n'kunena kuti ndi ntchito yaukhondo. Amalume anati zakhala bwino, bamboyu atenga chinthu chamoyo.

Achemwali, mukundidziwa, pagulu sindilankhula. Koma ndinalankhula.

"Amalume, munati akasoka akhala."

Anandiyang'ana ngati walankhula ndi mpando. Anati nkhani ya makinawa inatha mu Epulo, anagwirizana ndi a Medson pafoni monga mwana wamkulu, ndipo Amayi anavomera. Za Julayi zija ananena pofuna kuti nditope ndekha, ndisadzati anandilanda.

A Zaki sikuti ndi munthu woipa. Pofuna kuziziritsa zinthu anayamba kundiyamikira, kuti mtsikana kutsata pepala la achimwene ake mpaka makina kudzuka si zamasewera. Anati iwonso ali nalo pepala lomwelo, linabwera ndi kabokosi kawo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti kabokosi kaja kanali kawo, kanangodzera kwa ine. Anatulutsa pepalalo m'chikwama. Ndinapempha kuti ndilione.

Dzanja lake ndi la Achimwene, cholembera chomwecho chabuluu. Tsiku ndi 28 Meyi, masiku awiri asanalembe langa. Ndinakatenga langa n'kuwayala onse awiri pathebulo la makina. Manambala onse ndi ofanana kupatula amodzi. Pa la a Zaki waya wachinayi akupita pa 12, ndipo pansi pake Achimwene anadula mzere n'kulemba kuti, "Uyu ndiye amadzutsa kabokosi, musaphonye."

A Zaki anawerenga mapepala onse awiri. Anavula magalasi n'kufunsa amalume kuti kodi mwanayu mwamuchita zotani. Amalume anati za mawaya sazidziwa. Amayi anayamba kulira, akuti zogulitsa ankazidziwa koma za pepala ayi. Ndiye tsiku lija kanyale kanayaka, iwo n'kutuluka kukakhala pakhonde, sikunali kukumbukira Abambo.

Ine sindinalire. Ndinazimitsa makina, ndinazula kabodi kanga ndi chaja n'kuzikulunga m'chitenje. Amalume anati ndibweze. A Zaki anati ndisiyeni, ndi ntchito ya manja anga, iwo ali ndi wokonza wawo komanso pepala lolondola.

Kuti makina atuluke anachita kuzula chitseko. Mpaka pano sichinabwezeredwe, tatchinga ndi chiguduli.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi kalata imene ili m'njira. Ndinawalembera Achimwene kuti asadzimvere chisoni, ndinawathokozanso. Aiwerenga sabata ino.

Mng'ono wanu,
Tiyese


Johannesburg
13 Ogasiti 2024

Tiye mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ndaimba kangapo sukuyankha. Eness anandiimbira n'kunditukwana mpaka mayunitsi kumuthera, Jacinta nayenso sakundilankhula bwino. Ndiye ndimve mbali yanga.

Inde, nambala ija ndinasintha dala. Sindinafune kuti uwotche kanthu, n'chifukwa chake ndinasankha waya wosaopsa. Ndinkadziwa kuti ndikakuuza maso ndi maso kuti makina agulitsidwa, ukhala chete chaka chathunthu ngati mmene unachitira Abambo atamwalira. Ndinati bola uyese, ulephere, uwasiye ndi mtima wako. Makina amenewo akanakusunga zaka zingati? Tsiku lina adzafa zenizeni, iwe uli ndi zaka makumi atatu, wopanda kanthu. Kuno ukanathandiza ana, kenako tikanakupezera sukulu ya zamagetsi. Ndinachita chifukwa cha iwe. Sindinaganize kuti ungapeze, ndipo kunena zoona ndinanyadira nditamva.

Tsopano pali vuto. Wokonza wa a Zaki wapanga kabodi motsata pepala langa. Mayina a mabaji akuoneka, koma singano ikangoyamba makina akuima. Wapanganso kachiwiri, chimodzimodzi. Ndamuuza asinthe fulashi, asinthe lamba, palibe chathandiza, ndipo ine kuchokera kuno sindingaone. Sukulu zitsegulidwa mwezi wamawa, a Zaki analandira kale maoda. Akuti ngati makina sasoka, mgwirizano watha. Amalume akundiimbira m'mawa ndi madzulo.

Amayi akuti kwanu anasoka baji ziwiri zathunthu. Unachita chiyani? M'kalata yako unati udzandiuza. Ndilembere, kapena ungouza a Zaki. Ndife a mimba imodzi, Tiye, tisachititsane manyazi kwa anthu.

Mchimwene wako,
Medson


Area 23
25 Ogasiti 2024

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Amayi ali bwino, bondo lachepako. Timadya limodzi koma nkhani sizichuluka.

Lachiwiri a Zaki anabwera okha, opanda amalume. Anakhala pakhonde n'kupempha madzi akumwa. Anandifunsa funso lanu lomwelo, ine ndinangowapatsa madziwo. Kenako anati ndizikagwira ntchito kushopu kwawo, ndiziyendetsa makinawo ineyo. Ndinawayankha kuti makinawo amasoka akakhala m'chipinda cha Abambo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza Amayi kuti mwana wawo wofatsayu ndi wovuta kuposa amalume ake.

Lachisanu pikapu ija inabweranso itanyamula makina, ndi amuna anayi omwe aja. Mmodzi anandipempha kuti ulendo uno nditsimikize, chifukwa msana ali nawo umodzi. A Zaki anati iwo ankafuna makina osoka, osati kabati, ndipo zotsalazo akambirana ndi amalume ndi inu. Zimenezo si zanga. Kabokosi andisiyira, ndipo abweretsa nsalu ndi ulusi kuti mabaji a maoda awo ndiwasokere kuno. Ndinawapempha onse adikire panja. Nditalumikiza zanga, makina anasoka.

Amalume sanabwere. Anatuma mawu kwa Amayi kuti ndawachititsa manyazi.

Mwafunsa chimene ndinachita. Sindilemba.

Mukuti munachita chifukwa cha ine. Mukanandiuza kuti makina agulitsidwa, ndikanalira, mwina ndikanakhaladi chete, koma ndikanadziwa kuti andilanda. Inu munafuna kuti ndikhulupirire kuti ndalephera ndekha. Mwezi wathunthu ndinkagona ndikudziona wopusa. Ndinakulemberani kuti wolakwa ndi ine, kuti zinthuzi n'za anthu a Fomu 4, kuti zala zapsa. Munawerenga zonsezo muli ndi nambala yoona m'mutu, n'kundiyankha kuti mwaona kawiri konse. Mukanatha kulemba mzere umodzi wokha.

Mwati munanyadira. Mawu amenewo sindikudziwa powaika.

Ku Joni sindibwera. Alamu a Jacinta muwapepesere, afune munthu wina wowalerera ana. Mapasa ndawasokera timabaji ta mayina awo, tili m'kalata muno, iwo sanandilakwire.

Mukafuna kulemba lembani, ndidzawerenga. Koma chilichonse chochokera kwa inu ndizidzayamba ndachiyeza ndekha.

Tiyese